Ba DJ, Bwezani Iyo! Nyimbo Zimene Zatigwila Pamtima Mu Komboni

Kuchokela ku Kanyama mpaka ku Mtendere, aliyense ali ndi nyimbo yake imene safuna munthu akambe ikamalila. Yanu ni iti, ndipo inakuchitani chani?

Ni Lolemba m'mawa, 6 koloko ikalibe kukwana. Mwakwela basi ya ku tauni pa Matero, mwapanikizana anayi pa mpando wa kumbuyo. Beseni la amai amene apita kukaoda tomato ku Soweto lili pa maondo panu, ndipo kondakita akalibe kukupatsani chenji ngakhale mwamukumbutsa kawili. Mutu wanu suli m'basi. Uli pa lendi, chifukwa mwezi wafika pa 28 ndipo ba landilodi dzulo anakupatsani moni wautali uja umene mumaudziwa tanthauzo lake.

Kenaka ba dalaiva asintha nyimbo. Gitala yangolila kawili chabe, imwe mwaidziwa kale. Amai a beseni asiya kukangana ndi kondakita. Mtsikana wa yunifomu ya mu shopu wayamba kuimba chapansipansi, maso ali pa windo. Kondakita mwini wake amenya chitseko ndi zala kutsatila ng'oma. Imwe mwatembenukila kumbali kuti wina asaone nkhope yanu, pakuti nyimbo iyi mudaimvela koyamba muli ndi munthu amene lelo nambala yake munaifuta koma mukali kuidziwa pamtima.

Basi yafika pa Lumumba. Mwaseluka. Mwayenda mpaka pa City Market ndiye mwakumbukila kuti chenji mwaisiya.

Musachite manyazi, tonse zinatichitikilapo. Mu komboni mulibe malo obisalako. Nyumba ni zogundana, chipinda chimodzi mwachigawa ndi katani, ba neba amamva ngakhale mukatsokomola. Nanga munthu akafuna kulila alilile kuti? Akafuna kukondwa mopusa popanda womuseka, akondwele kuti? Ambili a ise chipinda chathu cha patokha ni ma earphone a K30 ogula pa msewu, amene mbali imodzi inaleka kulila kudala.

Chikondi: nyimbo imodzi, ukwati ndi kulekana

Tiyambe ndi zimene zimveka paliponse. Ngati mwayenda kuchokela pa Chawama kufika mu tauni osamva liu la Yo Maps olo kamodzi, ndiye kuti munatseka makutu. Mnyamata uyu, dzina lake lenileni Elton Mulenga, anthu ambili anamudziwa mu 2018 pamene anatulutsa "Finally" pamodzi ndi Macky 2. Kuchokela apo sanachoke m'masipika: album ya Komando inabwela mu 2021, ya Try Again mu 2023.

Mufunse mtima wanu chifukwa chake amakugwilani. Liu lake limamveka monga la munthu amene akupapatila, amene walakwa kapena walakwilidwa koma akali kufuna kuti zinthu zikhale bwino. Ndiponso amaimba mmene timakambila ise pa Lusaka: ayamba Chibemba, alowa Chinyanja, aponyapo Chizungu, osapepesa kwa aliyense. Ni mmene mumakambila ndi wokondedwa wanu pa foni usiku. Palibe munthu wa mu George amene amafunsila mkazi ndi Chinyanja cha m'buku la giledi 7.

Chodabwitsa nchakuti nyimbo imodzimodziyo igwila nchito ziwili. Pa Chiwelu masana ilila pa kitchen party ku Chawama, alangizi atsogola, azimai amanga vitenge vofanana, mkwatibwi wagwada maso pansi, anzake akuwa ndi kuponya ndalama. Usiku wa tsiku lomwelo ilila mu foni ya mnyamata wina ku Kalingalinga amene anali kuganiza kuti mkwatibwi uja adzakhala wake. Mau ni amodzimodzi, ng'oma ni imodzimodzi. Wina avina, wina wayang'ana malata.

Ndiye pali imwe akatswili a status. Tikudziwani. Mwayambana ndi munthu, simumutumila foni, simumulembela. Mwangodula kachidutswa ka nyimbo, pamene penipeni pali mau obaya, mwaika pa WhatsApp. Kenaka mphindi zisanu zilizonse mutsegula kuona ngati waona. Anthu 60 aona, koma imwe mufuna mmodzi chabe. Akaona osayankha, muika ina yowawa kuposa yoyamba. Ma bundle atha, nkhani ikalibe kutha. Makolo athu anali kutuma nkhoswe kapena kulemba kalata kupatsila mwana wa ba neba. Ise tituma oimba.

Mu 2022 kunabwela Chile One Mr Zambia kuchokela ku Kopala ndi "Fweba Ku Chaume". Nyimbo ni ya Chibemba, koma ku Kanyama ndi ku Mtendere anyamata anaitenga ngati yawo, chifukwa inakhudza zimene amuna amanyamula osakamba. Mu babashopu munali kuona munthu wamkulu ndi ndevu zake, makina ali m'mutu, akuimba motseka maso. Chimenechi ndiye Lusaka: nyimbo ikakupeza pamene pakuwawa, sufunsa kuti woimba ni mtundu wanji.

Azimai naonso ali ndi zawo. Lowani mu saluni iliyonse pa Chisanu madzulo, pamene mitu ikulukidwa kukonzekela wikendi. Mudzamva Towela Kaira, Xaven, Cleo Ice Queen, ndipo wina akaika ya kudala ya Mampi, woluka amasiya tsitsi m'manja kuti ayambe wavina. Pamenepo nkhani zimatuluka zimene sizingatuluke pa nyumba: za mwamuna amene foni yake imagona chafufumimba, za apongozi, za chilimba chimene wina anadya nkuthawa. Nyimbo imatsegula pakamwa, zotsala amamaliza okha.

Ya m'mawa, ya munthu wopita kukasakila

Sikuti onse chikondi ndicho chawavuta. Ena ni thumba. Kwa mnyamata amene akankha wilibala ku Soweto, wowotchelela mageti ku Kalingalinga, mtsikana wa mu buthi ya mobile money amene akhala m'kabokosi kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kulowa, nyimbo ya pamtima ni ija imene imamuuza kuti uka, samba, yenda.

Apa ndiye rap ya Chinyanja ili ndi malo ake. Achichepele a lelo aona monga zinali tero kuyambila kale, koma funsani akulu anu. Panali nthawi pamene munthu wofuna kuchita rap anali kudziyesa wa ku New York, kukamba Chizungu cha m'mphuno chimene ngakhale amai ake sanali kumva. Slapdee, mwana wa ku Matero, ni mmodzi wa amene anasintha zimenezo. Album yake yoyamba, Asembe Isebenza, inatuluka mu 2006, ndipo kudzela mu XYZ anatsegulila njila anyamata ena monga Bobby East. Lelo Jae Cash, Dizmo ndi anzawo akamatchula za mu komboni, zimamveka monga munthu akukamba za pa mseu wanu, za kantemba kamene mumakongolako shuga.

Kumva chilankhulo chako pa wailesi, chija chimene aphunzitsi anali kukukwapulila ukachikamba m'kalasi, kumachita kanthu mu mtima. Umayenda mosiyana. Umadziwa kuti moyo wako nawo ni nkhani yokwana kuimbidwa.

Chef 187 anatulutsa album ya Broke Nolunkumbwa mu January 2023, ndipo dzina lokha linakwana. Ndani sadziwa January? Ndalama zinathela pa Khisimasi, ana afuna mayunifomu ndi nsapato, ba landilodi sadziwa kuti kunali maholide. Uli wosweka, koma maso akali kukhumbila. Anthu anaseka chifukwa anadziona.

Ndipo musaganize kuti zinayamba ndi ise. Malemu ba PK Chishala anaimba "Common Man" kudandaula za munthu wamba amene malipilo ake sakwana pamene mitengo ikwela. Papita zaka zoposa 30, koma mu 2024, pamene thumba la bulekifasi la 25kg linapitilila K300 ndipo mabanja ambili anabwelela ku kugula pamela, nyimbo ija inamveka monga yalembedwa dzulo. Atate anu akaimva amagwedeza mutu. Imwe mukaimva mugwedeza mutu. Kusiyana nkwakuti iwo anaimvela pa kaseti.

Usiku umodzi ku Heroes, ndi m'mawa wina

Lekani ndikuuzeni yanga, pakuti sindingakufunseni zanu ine nditabisa.

Mu May 2023, Yo Maps anachita shoo yotulutsila Try Again ku National Heroes Stadium. Ambili anali kukaika kuti woimba wa kuno angaitane anthu ku bwalo lalikulu chotelo. Ine ndinapita ndi mnzanga amene tinakulila limodzi ku Kanyama, wogwila nchito yotsuka mamotoka. Anasunga ndalama ya tiketi milungu itatu, kudya vitumbuwa viwili masana m'malo mwa nsima. Usiku uja kunazizila monga mmene kumachitila May akamatha, koma palibe anamva mphepo. Anthu anayatsa matochi a mafoni, bwalo lonse linaoneka ngati nyenyezi zagwa pansi. Mnzanga anaimba nyimbo iliyonse mpaka liu linatha. Pobwelela tinasowa basi, tinayenda mtunda wautali wapansi tikuseka monga ana.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, mu January 2024, ndinaimanso pa geti ya bwalo lomwelo. Kolela inali itabuka kuyambila October 2023, Kanyama inali pakati pa makomboni amene anakhudzidwa kwambili, ndipo boma linasandutsa Heroes kukhala malo othandizilako odwala. Masukulu amene anayenela kutsegulidwa kuchiyambi kwa January anatsegulidwa pa 12 February. Mnzanga anamutengela kumeneko usiku, atafooka kwakuti sanathe kuima yekha.

Ise achibale ndi anzawo tinali kudikila panja kuti timve maina. Panalibe nyimbo. Panali chabe kulila kwa ma ambulansi ndi anthu kunong'onezana. Pafupi ndi ine panali amai ena amene anabwela masiku atatu otsatizana ndi kachikapu ka phala m'manja. Tsiku lachinayi sindinawaone. Wina anandiuza kuti anamva dzina la mwana wawo, koma pa mndandanda wina uja.

Mnzanga anatuluka patapita masiku asanu, wowonda, maso olowa. Titafika pa nyumba, chinthu choyamba anapempha ni foni yake. Ndinaganiza kuti afuna kutumila amai ake ku Petauke. Iyai. Anaika ma earphone, anagona pa mphasa nkutembenukila ku khoma. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka. Ndinatuluka panja kukakhala pa njelwa.

Kolela ija inatenga anthu opitilila 700 m'dziko muno. Chimene ambili sakamba nchakuti malilo ake anali a msangamsanga, opanda kusonkhana monga mwa mwambo wathu. Kunalibe kugona pa nyumba ya malilo masiku atatu, azibambo pa moto panja, azimai mkati akuimba mpaka kucha. Anthu anaikidwa opanda kwaya. Kwa ise, munthu kupita wopanda nyimbo kuli ngati sanatsazikidwe.

Mpaka lelo album ija ikalila m'basi, ine ndimaona zinthu ziwili nthawi imodzi: matochi aja, ndi kachikapu ka phala.

Mau a amene anapita

Pali nyimbo zina zimene zinasintha kukoma chifukwa mwini wake kulibe. Daev Zambia anamwalila pa ngozi ya pamseu mu September 2020, akali mnyamata, nchito yake itangoyamba kuwala. Amene munali ku sekondale kapena ku koleji nthawi ija mudziwa mmene mafoni anakhalila chete tsiku lija, kenaka aliyense nkuyamba kuika nyimbo zake. P Jay anatisiya mu 2014. Ba Matthew Ngosa, amene nyimbo zawo za uzimu zinalela ambili a ise, anapita mu 2024. Dandy Krazy anachita ngozi pafupi ndi Kapiri Mposhi usiku wolowela chaka chatsopano ndipo anamwalila pa 2 January 2025. "Donchi Kubeba" yake inali nyimbo ya masankho a 2011, ndipo kaya munali mbali iti, simungakane kuti dziko lonse linaidziwa, mpaka ana osayamba sukulu.

Woimba akamwalila timalila munthu amene sitinakumanepo naye, ndipo ena amatiseka. Koma taganizani. Munthu uyu anali nanu tsiku limene munalephela mayeso. Anali nanu usiku umene munachotsedwa nchito. Anali m'khutu mwanu pamene munali kubwelela kuchokela ku Chingwere mutaika mbale wanu, muli pa kanta, fumbi lili m'maso. Achibale ena sanafike, iye anafika. Nanga osamulila bwanji?

Ndiye pa Sondo m'mawa komboni yonse imasintha wailesi. Nyumba imene usiku inali kugwedezeka ndi amapiano manje ilila Ephraim. Kwina Pompi, kwina Esther Chungu, kwina kwaya ya Katolika, ya Reformed kapena ya UCZ, amai akusita malaya a ana ndi nsimbi ya malasha. Ambili a imwe tchalitchi munaleka kudala, koma pali nyimbo imodzi ya m'buku imene amai anu anali kuimba potsuka mbale. Ikakupezani mosayembekezela, mwina pa malilo a munthu amene simumudziwa bwino, mumapeza kuti mau onse mukali kuwadziwa ndipo pakhosi patsekeka. Imeneyo siipezeka pa mndandanda uliwonse wa nyimbo zotchuka, koma ndiye imakhala nambala wanu.

Pamene malaiti anapita

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa kanthu kena. Mvula inakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo panafika nthawi pamene malaiti anali kubwela maola atatu chabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali mtulo. Komboni imene tinazolowela kuti siigona inakhala zii. Mabala opanda jenseti anatseka msanga. Ma babashopu anaima. Owotchelela anali kuuka 1 koloko ya usiku kuthamangila malaiti.

Mukumbukila kuyenda ndi chaja m'thumba kulikonse monga chiphaso? Kulipila kandalama kuti foni ikhale pa sola ya munthu ola limodzi? Ndiye madzulo batile ili pa 9 pelesenti, muyenela kusankha: kusunga kuti mwina abwana a pisiweki angatume, kapena kumvela nyimbo imodzi musanagone. Kambani zoona, kangati munasankha nyimbo?

Koma mu mdima muja munatuluka chinthu chimene tinali titaiwala. Anthu anayamba kuimba okha. Ana pa bwalo mwezi ukawala, kuombela m'manja, nyimbo za masewela zimene tinaganiza kuti zinafa ndi TV. Atsikana pa mzele wa pa pompi kuimba ya Yo Maps opanda sipika, wina kutenga liu lapamwamba wina lapansi monga ku kwaya. Ambuya ena pafupi ndi kwathu, atakhala pa mbaula, anayamba nyimbo ya kumudzi ku Katete imene adzukulu awo anali asanaimvepo. Malaiti atabwela tinakuwa tonse monga Chipolopolo yagoletsa, masipika anayaka, ambuya aja analeka pakati. Sindinaimvenso nyimbo ija mpaka lelo, ndipo ndimadziimba mlandu kuti sindinawapemphe amalize.

Za atate anu zabwelela, kudzela ku America

Mu October 2024 achinyamata ambili anadabwa kumva Chinyanja mu nyimbo ya Tyler, the Creator, woimba wa ku America. Mu "Noid" anatengamo chidutswa cha "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, yochokela mu album ya 45,000 Volts ya mu 1977. Ba Paul Ngozi, amene anakulila mu Chibolya, pafupi chabe ndi Kanyama, anamwalila mu 1989, ambili a ise tisanabadwe. Komboni imene anthu amaitchula motsitsa mau ndiye inabala gitala imene lelo ilila ku Los Angeles ndi ku London.

Zisanachitike izo, mu 2022, nyimbo ya Sampa the Great, "Never Forget", mmene mulinso Chef 187, inamveka mu kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. Gulu la WITCH, ndi ba Jagari Chanda patsogolo, likali kuyenda maiko akunja kuimba Zamrock, nyimbo zimene zinakula m'zaka za m'ma 1970 pamene ba Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za kuno.

Tinanyada, zoona. Koma kunyada kuja kunali ndi kamanyazi mkati. Nyimbo zimenezi ni zija atate anu akaika munali kukweza maso kumwamba nkunena kuti za amadala. Kalindula ya Amayenge munali kuivina pa ukwati chabe, ndipo mongoseka. Zinatengela mlendo kuti atiuze kuti m'nyumba mwathu muli chuma. Imwe a ku Kalingalinga ndi Mtendere, tsiku lililonse mukwela basi pa Alick Nkhata Road. Ndi angati adziwa kuti ba Alick Nkhata anali woimba komanso mkulu wa pa wailesi, amene anamwalila mu 1978? Ku Kabwata kuli mseu wa Paul Ngozi. Timaponda maina a oimba athu tsiku ndi tsiku osadziwa liu lawo.

Ndi ku Malawi chimodzimodzi. Ba Giddes Chalamanda anaimba zaka zambili ndi gitala yawo anthu osawasamala kwenikweni, mpaka "Linny Hoo", imene anaimbanso ndi Namadingo, inafalikila pa TikTok iwo ali ndi zaka zopitilila 90. Kuno ku Lusaka tinaimva ngati ya kwathu, pakuti chilankhulo nchimodzi. Kwa amene makolo anu anachokela ku Chipata, Lundazi kapena Chadiza, nyimbo za ku Malawi, kaya za Driemo, Onesimus kapena malemu Lucius Banda, zimanunkhila ulendo wa pa Great East Road, kuwoloka Luangwa, kupita kumudzi pa holide.

Chitani ichi sabata ino: funsani atate, amai kapena ambuya anu nyimbo imene inali kulila pamene anakumana. Ifuneni pa YouTube, muwapatse foni. Yang'anani nkhope yawo. Mudzaona munthu amene simunamuonepo.

Nanga woimba adya chani?

Manje tikambe zimene sitikonda kumva. Nyimbo imene inakutonthozani usiku uja, munaipeza bwanji? Ambili a ise tinapita pa kabuthi mu tauni, tinapeleka memory card ndi kandalama, anatithilila nyimbo mazana. Kapena mnzathu anatitumila pa Bluetooth. Wa pa buthi anadya, wa ma bundle anadya. Amene anailemba, amene analipila situdiyo, sanaone olo ngwee.

Oimba akuluakulu ali ndi mashoo ndi makampani owalipila kuti alengeze malonda. Koma kumbuyo kwawo kuli mazana a anyamata ndi atsikana mu George, Chawama ndi Kanyama amene ajambula mu kachipinda komata mathileyi a mazila ku khoma, kompyuta imodzi yakale, maikolofoni yomangilila ndi tepi. Masana agulitsa salaula, usiku aimba. Akamaliza ayenda ndi nyimbo yawo ku mawailesi monga Komboni Radio ndi ena, kupempha kuti imveke olo kamodzi. Kuli bungwe la ZAMCOPS limene nchito yake ni kutolela ndalama kwa amene aseweletsa nyimbo pa malonda, monga mawailesi ndi mabala, kuti zifike kwa eni ake. Ngati muimba, kalembetseni nyimbo zanu. Ngati ndinu womvela chabe, mvelani pa Boomplay kapena pa YouTube ya mwini wake pamene bundle ilipo, ndipo shoo ikabwela pafupi lipilani pa geti m'malo mofuna mnzanu wa pa chitseko. Takhala tikuona oimba amene tinavina nyimbo zawo akudwala nkumapemphetsa thandizo. Tisamadikile malilo kuti tionetse chikondi.

Nyimbo ikalephela

Chomaliza, ndipo ichi ndikamba maka-maka kwa imwe anyamata. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salila. Ndiye timalila kudzela mwa oimba, pa bala, botolo lili m'manja, sipika ili pamwamba kuti wina asamve. Zimathandiza, sindikana. Koma nyimbo imamva chisoni nawe chabe, siikuyankha. Siingakufunse kuti wadya. Siingakupelekeze ku chipatala.

Ngati mwaona kuti nyimbo imodzi yachisoni mwaibweza milungu yathunthu, tulo kulibe, chakudya sichilowa, ndipo mwayamba kuganiza kuti bwino mutangochokapo pa dziko, chotsani ma earphone mukambe ndi munthu. Mnzanu, ba anti, abusa, anamwino a pa kiliniki. Kuli nambala yaulele ya Lifeline, 933, ndipo ya ana ni 116. Kupempha thandizo sikupenga. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo imwe anzake, status ija ya pakati pa usiku musangoiona nkupitilila. Munthu amene masiku onse aika zoseketsa akayamba kuika nyimbo za kutsazika, mutumileni. Musafunse zambili. Ingonenani kuti, boi, uli kuti, nibwela. Mnzanga uja wa ku Kanyama anandiuza patapita miyezi kuti tsiku lija anamva pamene ndinatuluka, ndipo anadziwa kuti ndili panja pa njelwa. Ati chimenecho chinamuthandiza kuposa nyimbo.

Ndiye tiuzeni. Ni nyimbo iti imene ikalila mumauza ana kuti akhale chete? Inakupezani kuti, munali ndi ndani, ndipo munthuyo ali kuti lelo? Lembelani tsamba lino, dzina mungabise, komboni chabe mutchule. Zimene zidzatigwila mtima tidzazisindikiza sabata ya mawa.

Ndipo mawa m'basi, ba dalaiva akaika yanu ija, imbani ndithu, palibe adzakusekani chifukwa aliyense ali ndi yake. Koma chenji yambani mwatenga.